Nkhukundembo ndi mpamba, si ndiwo ya galu

Amene akufuna kudzagulitsa nkhukundembo pa Khirisimasi aonetsetse kuti thadzi lakhalira mazira mwezi wa Epulo kapena Meyi usanathe. Mbalameyi si nkhuku yoyera ija imene mumagula anapiye lero n'kuyamba kugulitsa pakatha masabata 6. Dzira lake limatenga masiku 28 kuti liswe, pomwe la nkhuku limaswa pa masiku 21, ndipo nkhukundembo zathu zoyenda pabwalozi zimafuna miyezi 6 mpaka 8 kuti thupi lidzaze. Mukawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 25 Disembala, muona kuti nthawi yake ndi imeneyi.

Msika ulipo, makamaka kuno ku Mzimba. N'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana ku Joni, ndipo Disembala ndiye mwezi umene mabasi ochokera ku Johannesburg amatsitsa anthu ndi katundu pa Jenda ndi pa boma. Ndi mwezi wa maukwati, wopereka malowolo, womanga ziliza. Pa zochitika zoterezi nkhuku imodzi imachepa, mbuzi imadula. Nkhukundembo imalowa pakati pamenepo. Yaimuna yokhwima bwino imatha kupitirira makilogalamu 7, ndipo si kuti anaitcha dzinali pachabe: ndembo m'Chiyao ndi njovu.

Komabe funsani alimi a ku Engutwini ndi midzi yozungulira amene anayesapo ulimiwu kuti mwa anapiye amene anaswa, angati anafika pamsika. Ambiri nkhani yake ndi imodzi. Anaswa bwinobwino, anayamba kufa mmodzimmodzi, ndipo aliyense wakufa ankaponyeredwa galu kuti “zisangotayika”. Pakutha pa chaka wonenepa pakhomopo anali galuyo. Chizolowezi choponyera galu mbalame yofa yokha chimaoneka ngati kusamala chuma, koma ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimamaliza khola lonse, nthawi zina la oyandikana nawo lomwe.

Tiyambe ndi chimene chimapha anapiyewo, poti galu sangadye chimene sichinafe.

Mwanapiye wa Khirisimasi amabadwira m'chisanu

Vuto la kalendala tawerenga ija ndi lakuti anapiye oswa mu Meyi amakumana ndi Juni ndi Julayi ali aang'ono, ndipo chisanu cha ku Mzimba, makamaka madera oyandikira mapiri a Viphya, si chamasewera. Mwanapiye wa nkhukundembo ndi wofooka kuposa wa nkhuku. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa pafupifupi madigiri 35, kenako kumachepetsedwa pang'onopang'ono sabata iliyonse. Akanyowa ndi mame a m'mawa kapena kamvula kowaza, madzulo mumpeza atazyolika. Choncho masabata 8 oyamba, mpaka timatuza tofiira ta m'khosi tiyambe kuoneka, asamatuluke dzuwa lisanaumitse udzu. Usiku agone pouma, pa utuchi kapena udzu wouma, ndi make kapena pafupi ndi mphika wa makala wotchinga bwino, koma mpweya uzilowa. Mukawapeza ataunjikana pamodzi ngati mulu wa tomato, ndiye kuti akuzizidwa, ndipo apansiwo amafa chifukwa chopanikizika.

Anapiyewa ndi ochedwanso kuphunzira kudya. Tsiku loyamba aviikeni mlomo m'madzi mmodzimmodzi, ndipo m'mbale ya madziyo muikemo timiyala kuti asamire.

Pa chakudya m'pamene ambiri amadzinamiza. Madeya ndi otchipa miyezi yokolola, koma madeya okha sakulitsa nkhukundembo. Mwanapiye wake amafuna chakudya chokhala ndi zomanga thupi magawo 26 mpaka 28 pa 100 alionse, pomwe madeya ali ndi magawo pafupifupi 10 okha. Ngakhale chakudya cha m'sitolo cha anapiye a nkhuku zoyera sichifika pamenepo. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la chakudya cha m'sitolo ndi lolemera kwa wa geni wamng'ono, choncho nzeru ili pa zimene tili nazo: soya wokazinga ndi kugayitsa (wosakazinga amalepheretsa kugaya chakudya m'mimba), zinyenyeswa za usipa zotsala pansi pa dengu zimene ogulitsa nsomba amagulitsa motchipa, dzira lowiritsa lodula tizidutswa m'masiku oyamba, chiswe, ndi masamba ngati bonongwe ndi chisoso. Zikakula zimadzisakira zokha ziwala ndi udzu, ndipo apa m'pamene nkhukundembo imabweza ngongole, chifukwa pa kusaka palibe nkhuku yoiposa.

Chimodzi chokha musachite: kuzipatsa chimanga kapena mtedza wa chuku. Pokolola timasankha, zabwino m'thumba, zowola “n'za nkhuku”. Nkhukundembo ndi imodzi mwa mbalame zosapirira poizoni wa chuku. Ndipotu poizoniyu, amene akatswiri amamutcha aflatoxin, anadziwika chifukwa cha mbalame yomweyi: mu 1960 anapiye a nkhukundembo oposa 100,000 anafa ku England, ndipo atafufuza anapeza kuti gwero lake linali chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Galunso sapirira. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'mwezi umodzi atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Zambia si kutali, pa Jenda pomwepa ndi pamalire. Madeya onunkha chinyezi kapena oumbika mabuluma asiyeni kuchigayo komweko, ngakhale akutsitsireni mtengo.

Pali nthenda ina imene alimi ambiri saidziwa dzina, nkumangoti chitopa. Alangizi amaitcha blackhead. Kachilombo kake kamabisala m'mazira a njoka zam'mimba za nkhuku, mazirawo amatuluka ndi zitosi n'kukhala m'dothi zaka, ndipo nyongolotsi za m'nthaka zimawanyamulanso. Nkhuku imatha kukhala nako osadwala, ikuyenda ndi kuikira ngati palibe kanthu, koma nkhukundembo yaing'ono ikatola, imagwetsa mapiko, imasiya kudya, zitosi zake zimakhala zachikasu chowala, ndipo gulu lonse limatha kupululuka. Mukaitumbula mupeza chiwindi chili ndi mawanga ozungulira. Mutu sikuti umada nthawi zonse, musadikire zimenezo. Katemera wake palibe. Chitetezo n'kulekanitsa: anapiye a nkhukundembo akhale ndi malo awoawo, pa dothi limene nkhuku sizinagonepo.

Apa ena afunsa za chizolowezi chokhalitsa mazira a nkhukundembo kwa nkhuku yachikuda. N'zoona, thadzi lachikuda ndi mayi wabwino, limalera mosamala kuposa nkhukundembo imene imayenda mtunda wautali ndi ana ake m'mame. Limakwanitsa mazira 6 kapena 7. Koma ngati mwasankha njira imeneyi, limwetseni kaye mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo likaswa mulisamutsire pa malo atsopano pamodzi ndi anapiyewo.

Zikapulumuka zonsezi, chitopa chenicheni, chimene ena amati chideru, chimakhala chikudikira m'miyezi yotentha, pamene mbalame zanu zadya kale madeya a miyezi inayi. Katemera wa I-2 amapangidwa konkuno, ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo ndi dontho limodzi m'diso miyezi 4 iliyonse. Saperekedwa kwa mbalame yodwala kale. Botolo limodzi limakwana mbalame zambiri, choncho gwirizanani mudzi wonse kapena gulu lanu la banki m'khonde, muitane mlangizi wa ziweto tsiku limodzi, muwauze kuti pali nkhukundembo. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Galu sadyera pamalo amodzi

Tsopano tiyerekeze kuti imodzi yafa. Mwadzuka m'mawa, mwaipeza ili gada m'khola. Mwini wake mtima umawawa, ndipo maganizo oyamba amakhala akuti pakhale wina wopindulapo. Galu ali pomwepo akugwedeza mchira.

Taonani chimene galu amachita mukamuponyera. Sadyera pamene mwamupatsirapo. Amanyamula, kukokera kuseri kwa nkhokwe, kung'amba, kusiya nthenga apa, matumbo apo. Mutu amakaukwirira kudimba, phiko agalu anzake amalanda n'kuthawira nalo kwa a neba. Nkhuku ndi nkhukundembo zotsalazo zimabwera kudzajompha zotsalira. Chitopa sichidwalitsa galu, koma kachilombo kake kamakhala m'matumbo, m'magazi ndi m'nthenga za mbalame yakufayo, ndipo galu wagwira ntchito ya kabaza, kukatula nthenda khomo ndi khomo osalipiritsa. Ngati inafa ndi blackhead, matumbo amene wamwaza pabwalowo ndi amene muli mazira a njoka aja, ndiye kuti mwadzala nthendayo m'dothi la pakhomo panu pa zaka zikubwerazi. Mwapulumutsa chakudya cha galu cha tsiku limodzi, mwaika pachiswe mbalame khumi.

Galuyonso ali pangozi. Simudziwa chimene chapha mbalameyo. Ngati inatola mankhwala a makoswe kapena chimanga chothira mankhwala a mbewu, poizoniyo ali m'mimba mwake ndipo galu amudya. Nyama imene yagona padzuwa n'kuyamba kuwola imatha kufoola galu miyendo. Pali chimfine cha mbalame, chimene mu 2023 chinaphetsa nkhuku mamiliyoni ku South Africa mpaka mazira anasowa m'masitolo. Mtundu wina wa chimfinechi umagwira agalu ndi amphaka odya mbalame zakufa nacho, ndi anthu ozikhudza omwe. Mbalame zikafa zambiri tsiku limodzi, musazisosole, kauzeni a ofesi ya ziweto.

Ndiye pali khalidwe. Galu wa kumudzi nthawi zambiri amakhala ndi njala, ndipo amaphunzira msanga. Mukamupatsa mbalame yathunthu, ya nthenga zake, yaiwisi, mukumuuza kuti m'kati mwa nthengamo muli nyama. Ena amatsutsa, amati galu wawo amadya zakufa zokha, zamoyo sazikhudza. Agalu otero alipo. Koma amene waika mpamba wake wonse m'mbalame 15 asayesere pa galu wanjala kuti aone ngati ndi mmodzi mwa iwo. Mwanapiye wa nkhukundembo sathawa msanga ngati wa nkhuku, ndipo galu amene wayamba, kumuletsa n'kovuta. Mapeto ake ndi mlandu kwa a mfumu, chifukwa sasiyanitsa zanu ndi za eni.

Pa mazira ndiye pofunika maso kwambiri. Nkhukundembo yaikazi siikonda kuikira poonekera. Imazemba, kukabisa chisa m'tchire, m'munda wa chinangwa kapena pansi pa mulu wa mapesi, ndipo inu mungafufuze sabata yathunthu osachipeza. Galu amachipeza tsiku lomwelo ndi mphuno. Amene anazolowera kuponyeredwa mazira osukusa sasiya ngakhale limodzi. Mazira osaswa kwirirani. Thadzi likayamba kuzemba, litsekereni m'khola mpaka liikire, ndipo muliikire chisa pa ngodya ya mdima.

Yofa yokha malo ake ndi dzenje lakuya pafupifupi mita imodzi, kuthira phulusa, kukwirira ndi kutsindira miyala pamwamba kuti galu asafukule, kapena kuitentha mpaka ipserere. Nthenga zonse zitoledwe. Ndipo tinene mosabisa kwa anzathu a pa chiwaya: yofa yokha kapena yozinga itatsala pang'ono kufa si katundu wogula motchipa. Kasitomala mmodzi akatsekula m'mimba, msika wonse umadziwa benchi imene anadyera.

Izi sizikutanthauza kuti galu alibe gawo. Pakhomo pa nkhukundembo galu wokhuta ndi wantchito, chifukwa mbalame yodula chonchi imakopa vumbwe, likongwe ndi akuba a miyendo iwiri, makamaka Disembala akayandikira. Nkhukundembo yaimuna imachita phokoso mlendo akafika masana, koma usiku mlonda ndi galu. Wantchito amalipidwa.

Malipiro ake achokere ku mbalame yathanzi imene mwazinga nokha. Kunja, ku America ndi ku Ulaya, zitini za chakudya cha agalu zolembedwa kuti muli nyama ya nkhukundembo zili m'masitolo. Kuno masamu ake sagwira: mbalame imodzi ndi gawo la fizi kapena la thumba la feteleza. Komanso ife sititaya zambiri. Nthutumba ndi ya bambo, chiwindi, khosi ndi zipalapasiro zili ndi eni ake, matumbo amapotedwa n'kuwotchedwa. Zotsalira galu ndi mapapo, kholingo, magazi, mutu ngati palibe woufuna, ndi tizikopa. Zimenezi ziwiritseni mpaka zipse, musakanize ndi nsima ya mgaiwa kapena phala la madeya abwino, mumupatsire m'mbale yake, kutali ndi khola, nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Zikaphikidwa tizilombo totsekula m'mimba timafa, tomwe galu akanatha kupatsira ana amene amasewera naye, ndipo fungo lake silimukumbutsanso mbalame yoyenda pabwalo. Musathiremo anyezi, amawononga magazi a galu.

Mafupa ophika ndiwo oopsa, ndipo apa ambiri timalakwitsa pa tsiku la phwando, pamene aliyense amaponya fupa pansi. Fupa la mwendo wa nkhukundembo ndi lalikulu, la mphako, ndipo likaphikidwa limasweka ngati bango, n'kusiya zisonga zimene zimabaya pakhosi kapena kuboola matumbo. Tolerani mafupawo m'mbale imodzi, muwatenthe. Ena amawasinja akapsa n'kusakaniza m'chakudya cha mbalame zoikira kuti chikamba cha dzira chilimbe.

Mbalame imene mwaibaya kapena kuimwetsa mankhwala posachedwa isazingidwe, kaya n'kudya anthu kaya galu, mpaka masiku olembedwa pa paketi atakwana. Galuyo nayenso abayitsidwe katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Makasitomala amafika pakhomo kudzasankha mbalame, ndipo kulumidwa kwa mmodzi kungadye phindu la chaka.

Amene amazinga zambiri nthawi imodzi, mwachitsanzo pa oda ya ukwati kapena ya malo ogona alendo, asataye zotsalazo. Pa boma ndi ku Mzuzu kuli anthu oweta agalu akuluakulu olondera amene amagula zotsala m'mabutchala. Mitu ndi zam'kati zowiritsa tsiku lomwelo, zoikidwa m'ndowa yotseka, n'katundu. Ndalama yake ndi yochepa, koma imabweza ya makala.

Potchula mtengo

Mitengo ikusintha sabata ndi sabata, choncho musatengere wa chaka chatha. Tsiku la msika yambani mwazungulira kumene akugulitsa nkhuku zachikuda, mumve mtengo wa tambala wamkulu, mufunsenso kilogalamu ya nyama ya mbuzi kubutchala. Mtengo wa nkhukundembo yanu uchokere pa ziwirizi. Tengani sikelo yokoleka, chifukwa nthenga zimanamiza: yaimuna ikadzitukumula imaoneka ngati ya makilogalamu 10, ndipo wogula akaisosola kunyumba n'kupeza mafupa, chaka chamawa sabwera. Ngati yanu ndi yonenepadi, sikelo ndi imene ikuyankhulireni pamene wogula akunenerera.

Lembani m'kope ndowa iliyonse ya madeya, soya ndi katemera kuyambira tsiku loswa, ndipo zimene zafa muziwerengere pa mtengo wa zotsalazo. Mwa anapiye 12, mukafikitsa 9 pamsika, chakudya chimene atatu aja anadya chilipiridwe ndi 9 amenewa. Nkhukundembo yaikulu imadya za nkhuku ziwiri kapena zitatu, ndiye masabata atatu omaliza okha ndi amene muyenera kuzitsekera n'kuzinenepetsa, osati miyezi.

Ogula ambiri a Disembala amadziwika kale mu Okutobala. Mabanja amene ali ndi ukwati amadziwika kutchalitchi, ndipo ana a ku Joni amatumiza uthenga pa WhatsApp asananyamuke. Tumizani chithunzi cha mbalame ili pasikelo, alipireko theka pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, inu muimange kansalu kumwendo. Mbalame yogulidwira pakhomo ndi yabwino kuposa yopita kumsika, chifukwa ulendo umaipweteka. Yaimuna yolemera, yomangidwa miyendo n'kulendewera pa kabaza dzuwa lili paliwombo, imatha kufera m'njira. Nyamukani m'mamawa, muiike m'dengu lalikulu ili chokhala, ndipo mukafika muipatse madzi pamthunzi.

Yobwerera kumsika osagulidwa isalowe m'khola tsiku lomwelo. Yakhala tsiku lonse pafupi ndi nkhuku zochokera m'midzi yosiyanasiyana, ina mwa iyo muli chitopa, poti alimi ambiri amathamangira kugulitsa akaona kuti nthenda yalowa m'mudzi. Ikhale payokha masabata awiri. N'chimodzimodzi ndi yogula kumene.

Musagulitse zonse. Siyani yaimuna imodzi ndi zazikazi 4 kapena 5 zooneka bwino, ndipo yaimunayo muzisinthana ndi mlimi wa mudzi wina chaka ndi chaka kuti zisakwerane pachibale, chifukwa anapiye ake amabadwa ofooka. Mazira okhalitsa ndi malonda paokha, bola asapitirire sabata imodzi chiikirireni, ndipo amagulidwa miyezi imene nyama ilibe msika. Zaimuna zotsala pofika pa 2 Januwale zitsitseni mtengo zipite. Januwale ndi Febuluwale madeya amasowa kuchigayo poti anthu eni ake amawafuna, ndipo yaimuna yokhwima imangodya, kulemera sikuonjezekanso.